Chamwamba cha amayi chaphukira ku Lupaso

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kungoti Tadala akutsokomola pang'ono.

Mukuikumbukira nthambi ya chamwamba ndinadula ku Nsanje pa maliro a amayi ija? Inagwira bwinobwino, koma chisanu cha Juni chitafika inayoyola masamba onse n'kutsala ngati ndodo. Bambo a Tadala anatenga khasu kuti aizule. A NyaGondwe oyandikana nafe anawaletsa: "Yayi adada, sunafe mtengowu. Wangogona, chakudya wabisa kumizu."

Lachiwiri m'mawa nkhungu inakuta Lupaso yense, nyumba zikuoneka ngati zikuyandama. Popita kukataya madzi ndinaona timasamba tanthete pa ndodo ija, tili ndi mame, tating'ono kuposa takwathu. Ndinangokhala pansi, beseni lili m'manja, ndikumva ngati amayi akusinja nsinjiro kuseri kwa nyumba. A NyaGondwe anandipeza pomwepo, ndipo ndinangowathokoza kuti, "Yewo chomene, amama."

Pa Khrisimasi musavutike ndi katundu, mungobwera tidzathyole limodzi ndiwo zoyamba. Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati