Mwana wanga amalephera dala mayeso a dokotala

Aphungu,

Ndine namwino, ndimakhala ku Thamesmead mumzinda wa London, ndipo ndalera ndekha mwana mmodzi, Crispin. Kuyambira ali wamng'ono anali ndi liwiro loti basi ikamusiya pa siteji yathu ankakaipeza pa siteji yotsatira. Ali ku sekondale anayamba mpira wa ku America, uja amasewera atavala zipewa zolimba, ndipo koleji ina ya kumeneko inamutenga kuti aziphunzira ulere uku akuisewerera. Malo ake amawatcha wide receiver. Ntchito yake ndi kuthamangira kutsogolo n'kukawakha mpira woponyedwa m'mwamba. Digiri anamaliza, pamenepo sindinganame. Posankha osewera opita ku ligi yaikulu dzina lake silinatuluke, koma timu ina inamuyesa, n'kumusunga pabenchi chaka chathunthu, ndipo chaka chino m'pamene wayamba kulowa m'bwalo.

Zaka zonsezi masewerawa ndinkawaonera pa timavidiyo tomwe ankanditumizira pafoni. Kavidiyo kalikonse kankathera pomwe wagwira mpira. Ine n'kumaonetsa anzanga kuntchito, mapewa ali m'mwamba, osadzifunsa kuti akagwira mpirawo chimatsatira n'chiyani.

Sabata yatha timu yawo inabwera kudzasewera kuno ku London. Ndinapita ndi achimwene anga a Biswick a ku Croydon, omwe anavala jezi ya mwanayu pamwamba pa suti. Crispin analumpha, maso ali pampira, ndipo chimunthu chachikulu ngati filiji chinamugunda ali m'malere. Mutu unamenya pansi n'kunjanja. Anthu ondizungulira anali kuomba m'manja poti mpira sanautaye, ine nditagwira pakamwa. Anadzuka mochedwa, anamulowetsa m'katenti ka madokotala m'mbali mwa bwalo, ndipo posakhalitsa ndinamuona akuthamanganso ngati palibe chachitika.

Timu inali ndi sabata yopuma, ndiye anamulola kutsala kwathu. M'mawa mwake anandifunsa ngati amalume ake anabwera kudzaonera, chonsecho anajambulitsa nawo. Atamwa tiyi anafunsanso funso lomwelo. Makatani akufuna otseka, ketulo ikalira akugwira mutu. Ndinamukhazika pansi n'kumufunsa kuti madokotala a timu anamulola bwanji kubwerera m'bwalo ali chonchi.

Anandiyankha kuti, "Mum, musapange panic. Season isanayambe amatiyesa memory, ma words, ma numbers, kuti tikagundidwa aziyerekeza ndi zimenezo. So pa test yoyambayo umapanga dala slow. Tsiku logundidwa, even uli dizzy, ma marks amafanana ndi akale aja. Anandiphunzitsa ma senior ku college, first year."

Mwana amene ankakana kudya akalakwa samu imodzi, wakhala akudzisandutsa mbuli pamaso pa dokotala kuyambira ku koleji, ine ndili kuno kunyadira. Nditamufunsa kuti wagundidwa mutu chotere kangati, anayamba kuwerenga zala, kenako anasiya, akuti sakukumbuka. Zitatero anagwada pansi, chinthu chomwe mwana wobadwira kunoyu sanandichitirepo, nati, "Amayi, please musauze munthu. Ndikakhala panja atenga wina. Kuli anyamata ambiri akudikira locker yanga."

Ndinaitana a Biswick monga eni mbumba kuti andithandize kumulankhula. Iwo anatembenukira ine. Anati, "Achemwali, unamwino muziusiya ku hospital. Mwanayu wavutika kuti afike apa, inu mukufuna mumutsekere chitseko? Mutu ukamapweteka pali panado."

Ndege yake inyamuka Lamulungu. Nambala ya dokotala wa timu ndili nayo, anatipatsa ife makolo. Ndikaimba ndiye kuti ndapha ntchito yomwe wailimbikira moyo wake wonse, ndipo sadzandikhululukira. Ndikapanda kuimba, abwerera m'bwalo ndi mutu womwewu. Ndili ndi mantha, Aphungu. Nditani?

E.C., Thamesmead


Mayi E.C.,

Kalata yanu sindinaiike pamzere, ndayankha nditangoiwerenga. Nanenso ndadzidzimuka. Ndamvapo za ana obera mayeso kuti akhoze, koma wolephera dala kuti dokotala asaone kuti wavulala, ameneyu ndi woyamba.

Funso lanu la foni lidikire pang'ono, chifukwa pali china chofulumira. Munthu wogunda mutu amene akubwereza mafunso ndi kuthawa kuwala ayenera kuonedwa ndi dokotala lero. Inu mukudziwa zimenezi kuposa ine. Akanakhala mwana wa eni ake atabwera kuntchito kwanu, simukanalembera Aphungu. Mutengereni kuchipatala cha ngozi, ndipo kumeneko mukakhale mayi, musakakhale namwino wake. Asayendetse galimoto, asamwe mowa, asathamange, ndipo za ndegeyo akanene ndi dokotala. Akayamba kusanza, kuwodzera kosadzutsika, kulankhula mosokonekera, kapena mutu ukamakulirakulira, imbani 999 kuitana ambulansi osayamba mwafunsa achimwene.

Tsopano za foni. Crispin ndi munthu wamkulu, choncho musayambe ndi kumuzembera. Muuzeni maso ndi maso kuti chinsinsichi simusunga, ndipo mupatseni mpata woti aimbe yekha inu muli pambali pake. Akaimba anene zonse, makamaka za mayeso oyamba aja, chifukwa dokotala akapanda kudziwa zimenezo adzamuyezanso ndi muyezo wabodza womwewo n'kumuuza kuti ali bwino. Asanaimbe alankhule ndi amene amamuimira pa za kontrakiti, komanso afunse ku bungwe la osewera kuti wovulala ali pantchito amatetezedwa bwanji. Mwina mantha ake ndi aakulu kuposa zomwe zili papepala. Koma akakana mpaka tsiku la ulendo, imbani inuyo, ndipo mumuuze kuti mukuimba.

Sindikunamizani kuti malo ake adzawapeza akumudikira. Mwina adzawapeza, mwina ayi. Mwanayu sakunama kuti pali ena akuwafuna, ndipo musamuseke kapena kumukalipira chifukwa cha mantha amenewo. Anaphunzitsidwa zimenezi ali mnyamata, kutali ndi kwawo, ndi anthu omwe ankawaona ngati akuluakulu. Muuzeni kuti mumamunyadira, ndipo mutchule digiri ija mokweza, chifukwa zikuoneka kuti m'banjamo aliyense waiiwala.

A Biswick musakangane nawo. Jezi ija anaivala chifukwa chomukonda mwanayu, kungoti chikondi chawo chili ndi phokoso. Atengeni kuchipatalako akamve okha kuchokera kwa dokotala, poti amalume ambiri mawu a mlongo wawo amawamva bwino akatuluka m'kamwa mwa munthu wina. Akakanabe, asiyeni. Umwini mbumba suwapatsa mphamvu pa ubongo wa mwana.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu pano musautsate, chifukwa chomwe chingafote si nyanga. Ubongo womwe sunachire ukagundidwanso, ngakhale pang'ono, ukhoza kutupa, ndipo ena sadzukanso pamenepo. Ena amadzuka, koma pang'onopang'ono amayamba kutaya mayina ndi nkhope za anthu awo.

Konzekani kuti akukwiyirani. Mwina foni yanu sadzayankha mpaka Khirisimasi, ndipo zidzakupwetekani kwambiri. Pirirani, mayi. Mwana amene wakukwiyirani ndiye kuti akukudziwabe kuti ndinu mayi ake.

Aphungu