Malata a Amayi

Lolemba, 6 Okutobala 2025
Mchimwene wanga, Mano Gaspar, waimba kuchokera kwathu ku Meponda. Bungwe lokopa alendo likusankha nyumba zisanu zoti azungu azigonamo, azidya zapakhomo. Yathu ili pa lista. Amayi akuti zikatheka ndimaliza sukulu osalemetsanso azakhali anga, titiya Celestina. Chaka chachitatu ndikugona m'khitchini mwawo kuno ku Assumane, mu mzinda wa Lichinga.

Lachitatu, 8 Okutobala
Ndawauza amayi kuti mlendo sangagone m'nyumba yaudzu. Nyumba za alendo za kuno ku Lichinga ndimaziona, zonse malata ndi penti. Iwo: "Wasukulu ndiwe, ukudziwa ndiwe." Ndinamva kukoma.

Loweruka, 25 Okutobala
Amayi agulitsa ukonde umene anasiya malemu bambo. Malata apita kwathu pa minibasi ya chapa m'mawa, ndakweza ndekha. Udzu atsitsa, atentha. Mano sakuyankha foni yanga.

Lachinayi, 13 Novembala
Bambo Clésio a kubungwe anafika kwathu dzulo ndi kamera. M'nyumba sanalowe n'komwe. Akuti alendo amadzera udzu ndi dothi, malata ali nawo kwawo. Atichotsa. Alemba nyumba ya a Conceição, yodontha ija.
Amayi anali atavala nsalu ya kapulana yatsopano.

Lachisanu, 14 Novembala
Fizikisi sindinamve kanthu. Maso pawindo, madenga okhaokha.

Lamulungu, 23 Novembala
Mano tsopano akukoka maukonde a eni. Wanditumizira mawu awiri: "Zikomo dotolo."
Amayi sanandikalipire. Bola akanatero. Angoti, "Mvula yagwa, sitinanyowe. Werenga mwanangu." Ndadula foni msanga, titiya anali pafupi.

Lolemba, 1 Disembala
Ndinawadikirira Bambo Clésio pakhomo pa ofesi kuyambira masana. Ndawafunsa: nanga titafolera udzu pamwamba pa malatawo? Aseka. Kenako akuti lista yachiwiri atseka Lachisanu, akaona udzu padenga mwina atiganizira.
Udzu wouma nyengo ino kulibe, tchire anatentha kale. Wogulitsa makala wandiuza za bambo wina ku Chimbonila amene anasunga mitolo. Akuti ambiri akuifuna.
Mayeso akuyamba mawa.

Lachiwiri, 2 Disembala
Titiya andisitira yunifolomu, andipatsa cholembera chatsopano. Ndathokoza. Akuganiza kuti njinga ndabwereka kuti ndisachedwe kumayeso.
Yunifolomu ndavala. Chingwe chomangira chili m'chikwama, pansi pa makope. Pamphambano ndikhotera ku Chimbonila, amayi akadzamva kuti mayeso ndawathawa, kaya adzati chiyani.