Mabotolo Anayi a Purimu

Azakhali a Mazal,

Chikondwerero cha Purimu ndi Lachinayi, ndipo bambo a Orit abisa mabotolo anayi a mowa kuseri kwa kabati. Limodzi lafika kale pakati.

Pepani, ndayamba osakupatsani moni. Muli bwanji ku Tiberiya? Mwendo uja ukupezako bwino? Ife kuno ku Dimona tilipo.

Orit wathu adzakhala Mfumukazi Esitere paphwando la kusukulu. Ndamusokera diresi pogwiritsa ntchito katani yakale, chisoti n'chapepala. Ndaphikanso timakeke tija timati makutu a Hamani, koma ogawana nawo ndi abale a bambo ake okhaokha, wanga palibe.

Dzulo ndinati, "Bambo a Orit, botolo limodzi silikwana?" Anaseka. "Iwe wasanduka rabi liti? Lamulo likuti umwe mpaka usasiyanitse Hamani ndi Moredekai."

Azakhali, chaka chatha anayambiratu chonchi, ndipo amene sanamuzindikire ndi ine. Kuphwando ndinapita nditapaka utoto woyera nkhope yonse. Aphunzitsi anandiombera m'manja, ati ndaposa makolo onse. Palibe anafunsa za diso langa lotupa.

Lero Orit akuyesa chisoti anati, "Amayi, chaka chino mudzapakanso utoto uja?" Komanso dziwani kuti ndine woyembekezera, mwezi wachinayi uno.

Inu mukakhalapo bambo a Orit amachita manyazi. Musavutike kuphika kapena kugula mphatso. Kalatayi ikangofika kwerani basi, chonde musadikire Lachinayi.

Ndine mwana wanu,
Dalya