Katoni ya a Alfonsi

Chiparamba,
Chipata.
9 Malichi 1996.

Okondedwa achimwene Philemon,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu. Kuno chimanga chabereka, mtedza wokha ndiwo wavuta.

Munafunsa chifukwa chake mwana wanu Ketilina sanasankhidwe kupita ku Giredi 8. Ndinakuyankhani kuti aphunzitsi a sukulu yake, kutsidya kwa dambo, ndi aulesi. Ndinanama, achimwene.

Chaka chatha masukulu athu atatu tinagwirizana zothandizana. A Alfonsi, mphunzitsi wa Ketilina, anasonkhanitsa mapepala a mayeso akale a zaka khumi, nawaika m'katoni ya sopo. Tinapangana kuti katoniyo izikhala milungu iwiri pa sukulu iliyonse. Iwo anati, "Yambani ndinu, amadamu, anawa ndi athu tonse."

Koma malo a ku sekondale ndi ochepa, ndipo ine ndinatopa n'kumva kuti sukulu yathu ndi yachiwiri. Katoniyo ndinaibisa kunsi kwa bedi. A Alfonsi anabwera katatu pa njinga, akutsokomola, akuliza belu pachipata. Ulendo wachitatu ndinawauza kuti mapepala adyedwa ndi chiswe. Anangoti, "Pepani, musadandaule." Anabwerera akukankha njinga, mphamvu zopalasa zitawathera.

Ana a m'kalasi mwanga anakhoza khumi ndi anayi, mpaka anandiwombera m'manja ku boma. Kutsidya anakhoza atatu. Ketilina anaperewera mamalikisi awiri okha. A Alfonsi tinawaika m'manda zotsatira zisanatuluke.

Tsopano belu la njinga likalira pamsewu, choko chimandipulumuka m'manja. Ndimasuzumira pawindo poganiza kuti abwera kachinayi. Ndikuchita mantha, ndipo manyazi andigwira.

Agogo akuchikazi a Ketilina akuti tikakolola mwanayo akwatiwe ndi woyendetsa lole wa ku Mwami. Chonde alembereni msanga, mukane. Adzakhale kwa ine, abwereze Giredi 7.

Dzulo ndinasenza katoni ija kukaibweza kutsidya. Ketilina anandiona padambo, nathamanga kudzandilandira. Anaisenza yekha mpaka pasukulu, akuseka. "Azakhali, kulemera chonchi, muli chiyani umu?"

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Ketilina nayenso akupereka moni. Wandipempha kuti ndimupepesere kwa inu, akuti mumukhululukire pokuchititsani manyazi.

Ndine mlongo wanu,
Mainess.