Ndaponda Kabokosi Kanu ka Gitala

Bambo a Maziko,

Ndathamangira ku Limbe kukaoda kaunjika, koma ndakulakwirani. Pokolopa ndaponda batani la kabokosi kanu kaja kolamulira mapedulo osinthira mawu a gitala, ndipo ampu yokuzira mawu ija munaiwala kuzimitsa. Nditakhudza nsambo, mawu anamveka ngati tili m'tchalitchi chachikulu! Nditaponda lachiwiri, mapedulo atatu anayaka pamodzi, gitala n'kubangula, mpaka aneba kusuzumira pawindo. Zoona mwapanga ndi manja anu zimenezi, muno mu Bangwe?

Vuto ndi batani lachitatu. Ndinaliponda nthawi yaitali, timagetsi n'kuphethira, mwina ndafufuta zomwe munasungamo. Kayeseni musanapite kukaimba ku ukwati madzulo ano. Pepanitu.

Za chitini changa cha mabisiketi chomwe munaboolaboola popanga kabokosika, sindidandaulanso. China chili pakabati, tengani.

Petronela