Uchi wa ku Lifidzi

Achimwene okondedwa,

Landirani moni, inu ndi alamu kumeneko ku Beira. Kuno ku Domwe tilipo, ndipo amayi akupezako bwino chitulukireni m'chipatala. Adotolo adati ndi matenda a shuga. Tanthauzo lake ndi loti thupi lawo silithanso kulimbana ndi zotsekemera, ndipo akadya akhoza kukomokanso.

Lachiwiri apongozi anu adabwera wapansi kuchokera ku Lifidzi kudzawazonda, atanyamula chikho cha uchi. Paja kwathu kuno mphatso ya chakudya umailawa mwini wake akuona. Amayi akalawa, tiwanyamulanso kupita kuchipatala, akakana, asewere awo abwerera ndi manyazi.

Amayi adagwada nalandira ndi manja awiri. Kenaka adaitana ana anu awiri aja amene tikukhala nawo kuno.

"Asewere, uchi ndalandira," adatero. "Ine adandiletsa zotsekemera, koma andilawira adzukulu athuwa. Akamva kukoma iwo, ndamva ndine."

Apongozi anu adagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndikadapha munthu ndi manja angawa!"

Onse adaseka mpaka misozi. Loweruka tidangoona apongozi anu atulukiranso, wapansi mtunda wonse uja, atasenza dengu la mfutso wa khwanya. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, koma nzeru za amayi awiriwa zandisiya kukamwa kuli yasa.

Chonde, mkaka wotsekemera wa m'chitini uja musatumizenso. Poti ndi wochokera kwa inu, amayi sangaukane. Muwagulire gombeza, chisanu chayamba.

Mulungu akusungeni nonse kufikira tidzaonane.

Ine mlongo wanu,
Firimina