Mawu a Eni Ake Pakamwa Panga

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Mankhwala muzimwa mpaka atha, musamasiyire panjira monga mwa chizolowezi chanu. Ine kuno kutsidya kwa nyanja ndili bwino, kungoti tulo ndi tovuta.

Ndamva kuti mukuuzabe anzanu kuti mwana wanu ndi kazembe. Amayi inu! Zoonadi, aphunzitsi a ku yunivesite sananame pamene ankati Chiarabu ndi Chiperisiya sizigoneka munthu ndi njala. Ntchito inandipeza ndisanabweze n'komwe mkanjo wa tsiku lomaliza maphunziro, pamene anzanga a zamalamulo akutha nsapato m'misewu mpaka lero. Koma ukazembe wake ndi uwu: kachipinda kopanda zenera, tebulo limodzi, mipando itatu ndi kabokosi ka mapepala opukutira misozi. Uku kumakhala bwana wofunsa mafunso, uko munthu wothawa kwawo amene wawoloka nyanja, ine pakati kumasulira.

Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti womasulira sanena kuti akuti. Munthu akati ine, nanenso ndizinena kuti ine. Ndiye m'mawa ndimakhala wamasiye, masana nyumba yanga yapsa, poweruka ndaika maliro a mwana amene sindinabereke.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wolankhula Chiperisiya, wa msinkhu wanga, atavala nsapato zosiyana. Anafotokoza kuti boti lawo linali lopopa ngati chubu, lodzaza mpaka m'mphepete. Litatembenuzika anagwira mng'ono wake pa kolala mpaka zala kuchita dzanzi, kenako anangozindikira kuti wagwira malaya okha. Bwana anandiyang'ana, akudikira. Ndinanena mmene lamulo likufunira, kuti mng'ono wanga anandipulumuka m'manja. Sindinalakwitse liwu ndi limodzi lomwe.

N'chifukwa chake ndalemba. Achemwali andiuza kuti mzime wathu akumakumana ndi bambo wina wolonjeza kuwolotsa anyamata panyanja. Akuti iye sadzavutika, poti achimwene ake ali kale kuno ndipo amadziwa zilankhulo za m'njiramo. Mzimeyo ndinamuimbira foni. Anangoseka, nati ndikufuna kudya ndekha. Zinandiwawa kwambiri, Amayi, ndipo ndili ndi mantha. Chiarabu changa sichiyandamitsa munthu pamadzi.

Pempho langa ndi limodzi: musamulole apite. Ine sandimvera, koma inu mukakweza mawu amakhala pansi. Ngati n'kumubisira nsapato, mubisireni. Amalize kaye sukulu. Ndidzamuthandiza kupeza malo pa yunivesite, adzabwere pandege ndi mapepala ake monga ndinabwerera ine. Akafuna kukwiya akwiye, akafuna kusiya kundilankhula asiye, bola akhale pakhomopo.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali, kwa achemwali ndi alamu anga, ndiponso kwa adzukulu anu onse. Mzimeyo mumupatse moni wapadera, kenako mumukhazike pansi mumuwerengere kalatayi osadumpha mzere.

Mawu aja, oti mng'ono wanga anandipulumuka m'manja, ndawanena kale kamodzi, koma anali a eni ake, ndipo mwini wake anatuluka nawo. Chimene chikundisowetsa tulo ndi tsiku lodzawanena kwa inu, m'chilankhulo chathu, popanda wondimasulira.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Kazembe wanu uja